Mphesa Imene Inakana Kukwera

Ine Rasim, mwana wa a Ramiz opanga gazozi, ndine amene ndinaphunzitsa mphesa zouma kuvina. Ndisanabadwe, mphesa ukaiponya m'botolo inkangogona pansi ngati mwala. Nditakwanitsa zaka zisanu ndinaiimbira mluzu kamodzi kokha, basi inadzambatuka, ndipo kuchokera tsiku limenelo mphesa zonse za m'chigwa chathu, kuyambira ku Manisa mpaka kunyanja, zimavina zikangomva thovu. Anthu ankabwera pa sitima kuchokera ku Izmir kudzandiona, ena atabereka odwala kumsana.

Limeneli ndi bodza. Ana a abale anga anakula akulimva, wina mpaka anakalinena kusukulu aphunzitsi n'kumukoka khutu. Ine sindinaphunzitsepo kanthu kalikonse kuvina. Chimene ndinachita ndi kuletsa mphesa imodzi kukwera, tsiku limodzi lokha, ndipo tsiku limenelo achemwali anga a Nezaket analandidwa kiyi wawo. Nkhani ino ndi yawo. Ndikayamba kudzitama panjira, mundipirire, ndi matenda.

Bambo athu anali ndi kafakitale ka gazozi kuseri kwa msika. Kanali ka zipinda ziwiri, chitsime pabwalo, thanki ya mpweya, ndi makina otsekera mabotolo oponda ndi phazi. Gazozi mwiniyo si wovuta: madzi, shuga, ndimu pang'ono, ndi mpweya woti ukalase m'mphuno munthu akamwa. Pa botolo lililonse panalembedwa kuti "Ramiz ndi Ana Ake Aamuna". Ana aamunawo tinali awiri: achimwene a Hilmi, amene ankadziwa kuvala jekete, ndi ine, amene ndinkadziwa kuyankhula. Munthu amene ankadziwa gazozi sanalembedwe pa botolo.

A Nezaket ndiwo anali oyamba kubadwa. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi bambo anawatulutsa sukulu kuti adzatsuke mabotolo kwa chaka chimodzi chokha, ntchito ikhazikike kaye. Chaka chimodzicho chinatha patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Manja awo anasweka ndi madzi a soda mpaka zala zinkaoneka ngati makungwa a mtengo wa olivi. Anakwatiwa ndi munthu wofatsa wokonza zishalo za abulu, anabereka mwana mmodzi, Feride, mwamunayo anamwalira ndi chifuwa, iwo n'kubwerera pa beseni pomwe paja ngati anangopita kokatunga madzi.

Tsono panali mwambo wa mphesa. Bambo ndiwo anauyambitsa, koma maso awo atayamba kuchita chifunga unakhala wa achemwali. Gazozi wa tsiku lililonse akatsekedwa, iwo ankatola botolo limodzi pakati penipeni pa makireti, n'kuliika padzuwa pabwalo tsiku lathunthu, monga mmene limazunzikira pa ngolo likamapita kumidzi. M'mawa mwake ankalitsitsira m'chitsime pa chingwe kuti lizizire. Kenako ankalitsegula, n'kuponyamo mphesa youma imodzi, n'kuyamba kutsuka mabotolo khumi ndi awiri, maso ali pa mphesayo. Ikakwera kasanu ndi kawiri iwo asanamalize kutsuka, makireti ankatuluka pa geti. Ikaperewera, palibe kireti imene inkasuntha, kaya wangolo alire, kaya mwini shopu atukwane. Pomaliza ankamwa gazoziyo, n'kugwedezera mphesa ija m'kamwa, n'kuitafuna. Ankati chakudya chimene chakugwirira ntchito sutaya pansi.

Ndili mnyamata wa ndevu zitatu anayesa kundiphunzitsa.

"Iwe Rasim, tseka pakamwa, tsegula maso. Ukuwaona makwinyawo?"

"Ndikuwaona, achemwali. Afanana ndi a azakhali aja a ku Salihli."

"Ndikumenya ndi botololi. Timathovu timafuna pogwira. Tikapeza makwinya timakakamira pamenepo, timachulukana, mpaka tiinyamule. Ikafika pamwamba timaphulika, iyo n'kugwanso. Mpweya ukakhala wochuluka imapita n'kubwera ngati mkazi wa pa ukwati wa mwana wake. Mpweya ukathawa pa chitsekerero, imakwera kawiri basi yagona."

"Nanga bwanji osaponyamo mphesa yaiwisi, yonenepa bwino?"

"Yosalala timathovu timatereraka, ndiponso imalemera. Kachidutswa ka lalanje kosasenda kamangoyandama ngati Hilmi, sikatsika n'komwe kukaona zimene zili pansi. Ukakasenda kamamira. Ine ndimafuna chinthu choti chipite pansi, chikaone, chibwere chidzandiuze."

Mphesa zawo sizinali zachikasu zija zoviika m'madzi a phulusa ndi mafuta. Ankaumitsa okha padenga, timphesa takuda, tating'ono, tofota ngati nkhope ya munthu wakuba amene wagwidwa. Ankatisunga m'kachitini ka tiyi, ndipo munthu wina akakhudza kachitiniko ankamva mawu amene sindingalembe pano.

Bambo atagwidwa ndi matenda opha ziwalo, anavula kiyi wa chipinda cham'kati, mmene munkasakanizidwa shuga ndi kusungidwa makireti, n'kumumangirira pa chingwe m'khosi mwa achemwali. Pakamwa pawo panali patapotoka koma tonse tinamva: "Kireti isatuluke Nezaket asanavomere." Mapepala a boma analemba ine ndi a Hilmi. Achemwali anapatsidwa kiyi ndi beseni. Ndipo ndikuuzeni, kiyi ameneyo ankamunyadira kuposa mmene akazi ena amanyadira zibangili zagolide. Kumsika amuna ankawapatukira njira. Mwini kanema wa panja, a Tahsin, munthu amene sankapereka moni ngakhale kwa apongozi ake, ankavula chipewa akawaona.

Zinasokonekera pa Idi ya nsembe, chaka chimene bambo anamwalira. Ine ndinali pa makina otsekera, ndipo angolo atatu anali atakhala pa geti kumvetsera mmene ndinaphera nguluwe ndi nsapato. Nguluweyo pofika masana inali itakula ngati basi. Phazi linkaponda koma mutu unali kunkhalango, ndipo sindinaone kuti mano a makina akhwefuka. M'mawa mwake mphesa inakwera kanayi basi. Achemwali anatola botolo lachiwiri, inakwera katatu. Anakhoma chitseko, kiyi n'kumuponya m'malaya.

A Hilmi anabwera jekete ili m'manja. "Achemwali, mawa ndi Idi! Makireti makumi anayi! Anthu adya nyama, amwa chilichonse chozizira, ndani awerenge mathovu?"

"Ine ndawerenga."

"Chifukwa cha kamphesa?"

"Chifukwa cha dzina la bambo ako lili pa botolopo. Langa palibe, ndiye ine sindichita manyazi. Uchita ndiwe."

Gazozi yense anathiridwa m'ngalande. Mavu a m'boma lonse anabwera kudzadya Idi kwathu, ena anachoka atanenepa ngati nkhunda. Pamene tinkathira, mmodzi wa angolo anafunsa kuti chalakwika n'chiyani, achemwali n'kuyankha mokweza, osandiyang'ana n'komwe: "Pakamwa pa Rasim ndi mabotolo a Rasim n'zofanana, zonse sizitsekeka."

Pofika madzulo mawu amenewo anali atafika m'nyumba zonse za tiyi. Ndikalowa, wina ankati, "Tsekani chitseko, Rasim wabwera, mpweya uthawa." Ine amene ndinkaseka tauni yonse, tauni inandiseka. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndinali ndisanadziwe kuti nthabwala imapweteka ikamachokera mbali inayo.

Patatha mwezi a Hilmi anabwera kuchokera ku Izmir ndi mkulu wina wa tsitsi lonyezimira mafuta, atanyamula kabokosi. M'kabokosimo munali chinthu chonga wotchi, cha muvi umodzi, choti ukachimanga pa thanki chimakuuza kuchuluka kwa mpweya. A Hilmi anachiika patebulo ngati mwana wobadwa kumene.

"Ku Izmir konse akugwiritsa ntchito ichi. Ife tokha ndi amene tikufunsira nzeru kwa chipatso."

"Chimatafunika?" anafunsa achemwali.

"Musandiseke. Tipangane pamaso pa anthu. Lachisanu tikachoka ku mzikiti, wotchi inene zake, mphesa inene zake. Zikagwirizana, wotchi ibwerera ku Izmir, chifukwa sindingagule chinthu chongobwereza mawu a mphesa. Zikasiyana, titsegula mabotolo, makosi a anthu aweruze. Mphesa ikapezeka yabodza, kiyi mundipatsa, inu mukapume kunyumba."

"Ikapezeka yabodza, ndikupatsa ndi beseni lomwe."

"Koma mphesayo musaponye ndinu. Anthu amati mumaiuzira, mumainong'oneza. Aponye Rasim."

Achemwali anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono. "Aponye. Chinthu chimodzi chokha pa moyo wake agwireko ndi manja osati ndi lilime."

Tsopano mvetserani, chifukwa apa sindikuwonjezera kanthu. A Hilmi sanandipemphe chilichonse. Iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wotchi yawo ipambana yokha. Lachinayi masana achemwali anandipatsa mphesa imodzi kuchokera m'kachitini kaja, yokulirapo, yamakwinya okongola, anaikulunga m'kapepala. Ine ndinapita nayo kunyumba. Mfuti ya bambo yophera nkhwali inali m'manja mwanga chiwamwalirireni. Ndinang'amba chipolopolo chake chimodzi, n'kusankha kanjere kamodzi ka mtovu, kochepa ngati njere ya mapira. Ndi singano ya amayi ndinaboola pamene panali kaphesi, n'kukankhiramo kanjereko, n'kutsina pakamwa pake. Mphesa youma imamata yokha. Ngakhale mwini mpesa sakanaona kanthu.

Ndinkadziuza kuti ndi nthabwala chabe. Ndinkati achemwali atuluke thukuta kwa mphindi ziwiri, anthu aseke, kenako ndiulule, ndiponye ina, iwo apambane. Ndinkangofuna kuti tauni iiwale za pakamwa panga kwa tsiku limodzi.

Lachisanu pabwalo panadzaza. A Tahsin a kanema anabwera, eni nyumba za tiyi, angolo, ngakhale wometa tsitsi anasiya munthu atamupaka sopo mbali imodzi. Mkulu wa ku Izmir uja anali atawerenga wotchi yake dzulo lake pamene gazoziyo ankathiridwa m'mabotolo, ndipo anaimirira n'kulengeza ngati woweruza milandu kuti mpweya unali wokwanira bwino lomwe. Achemwali anakoka chingwe m'chitsime, botolo linatuluka likutuluka thukuta. Analitsegula. Linalira bwino, psiii, moti ine amene ndinakulira m'phokoso limenelo ndinadziwa kuti gazoziyo analibe vuto. Anakwinya manja a malaya, n'kuima pa beseni.

"Ponya, Rasim."

Ndinaponya. Inatsika mwachangu kuposa masiku onse, n'kukagunda pansi pa botolo. Timathovu tinathamangira pomwepo. Tinaikuta yonse mpaka inayera ngati mkwatibwi. Inagwedezeka, inadzutsa mbali imodzi, inapendama ngati nkhalamba yofuna kudzuka pa mkeka, n'kukhalanso pansi.

Botolo loyamba linatsukidwa. Lachiwiri. Lachisanu.

"Mwina ikusala kudya," anatero wometa tsitsi.

"Ipatseni ndodo!"

"A Nezaket, inong'onezeni, mwina ikuchita manyazi ndi mlendo!"

Manja a achemwali ankatsuka, maso ali pa botolo. Ndinaona pamene anazindikira. Munthu amene waona mphesa zikwi khumi zikukwera amadziwa kuti mphesa yovala thovu lochuluka chonchija siingakhale pansi yokha. Pa botolo lachisanu ndi chitatu anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi. Sanakwiye. Anangondiyang'ana monga mmene ankachitira ndili mwana ndikabisa chinthu kumbuyo: chabwino, taseka, bweretsa tsopano.

Apa m'pamene ndinayenera kuyankhula. Ine amene sindinasowepo mawu chibadwire. Koma anthu anali akuseka, ndipo sankaseka ine. A Hilmi anali atandikoleka mkono paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi: "Isiyeni, abale. Yakalamba ngati mwini wake, mawondo akana."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. A Tahsin anachita kupukuta misozi ndi chipewa.

Achemwali anatsuka lakhumi ndi chiwiri. Anatsuka lina lakhumi ndi chitatu, pang'onopang'ono, limene silinali m'pangano. Kenako anapukuta manja.

"Tiuzeni, achemwali," anatero a Hilmi. "Gazoziyu ndi wabwino kapena woipa?"

"Ndi wabwino."

"Nanga mphesa ikuti chiyani?"

"Mphesa yakana."

"Ndiye wabodza ndani?"

A Hilmi anatsegula mabotolo khumi, anthu anamwa, anageya mpaka nkhunda zinauluka padenga, onse n'kuvomereza kuti wotchi yanena zoona. Achemwali anatenga botolo lawo lija monga mwa masiku onse, anamwa mpaka pansi, analigwedeza, mphesa n'kugwera m'kamwa. Ine ndinayang'anitsitsa chibwano chawo. Anatafuna kamodzi, anaima, anatseka maso pang'ono, kenako ndinaona pakhosi pakuyenda. Ndinati yamezedwa, yapita, Mulungu ndi wachifundo kwa opusa.

Anavula chingwe m'khosi, anamasula kiyi, anamuika patebulo pafupi ndi wotchi. Chingwecho anabwezera m'khosi. Anagubuduza beseni ndi phazi, madzi n'kuyenderera mpaka ku nsapato za mkulu wa ku Izmir, n'kutuluka pa geti osatsanzika munthu. Sanapondemonso m'bwalo limenelo.

Sabata yotsatira tsaya lawo linatupa, anakazulitsa dzino la kumapeto. Anati analuma njere ya olivi. Ndinakhulupirira. Munthu akafuna kukhulupirira chinthu, amachimeza ngakhale chili ndi minga.

Kiyi uja a Hilmi anandipatsa ine, poti iwo ankadana ndi kudzuka m'mamawa. Ndinkamuika m'thumba la buluku, ndipo ankalemera ngati chikhasu. Wotchi ija sinanamepo ngakhale tsiku limodzi, ndiipatse ulemu wake. Inkanena za mpweya umene uli m'thanki. Za mpweya umene watsala m'botolo litatsekedwa ndi Rasim, litagona padzuwa, litagwedezeka pa ngolo mpaka kumudzi, wotchi inalibe nazo ntchito. Zimenezo inkadziwa ndi mphesa. Chaka chotsatira ku kanema wa a Tahsin anthu anatsegula mabotolo athu osamva kulira kulikonse, madzi a shuga okhaokha. Anayamba kuwakunkhuniza pansi pa mipando. A Tahsin, omwe aja anapukuta misozi ndi chipewa, anatibwezera makireti onse ndi uthenga wakuti ngati akufuna madzi otsekemera ali ndi apongozi awo odwala shuga.

Ndinapita kwa achemwali. "Bwererani. A Hilmi sanena kanthu, ndiwanyengerera."

Anali akusenda biringanya pakhonde. "Muli ndi wotchi."

"Wotchi siona zitsekerero."

"Mphesa ndi yabodza, Rasim. Tauni yonse inaona. Iwenso unaona, unali pafupi kwambiri." Anadikira, mpeni uli m'mwamba. Ine ndinayamba kuwauza za galu wa a Tahsin amene anaphunzira kuwerenga zikwangwani. Anapitiriza kusenda.

Tinakwawa zaka zisanu ndi ziwiri. Kenako malole akuluakulu a zakumwa za m'mizinda anayamba kufika, ndi mafiriji aulere kwa eni mashopu, ife n'kutseka. A Hilmi mpaka imfa yawo ankati anatipha ndi malole. N'zoona kuti malole anapha ambiri, koma kwathu anapeza maliro atayala kale. A Hilmi anasamukira ku Izmir, anakagulitsa matayala, anamwalira ndi jekete yawo.

Achemwali anakalowa ganyu m'minda ya mpesa ya anthu ena. Mwezi wa Ogasiti, dzuwa likuswa miyala, ankaviika madengu a mphesa m'madzi a phulusa ndi mafuta, n'kumaziyanika pansi atawerama kuyambira m'mawa mpaka mthunzi utatalika. Munthu amene amuna ankamuvulira chipewa ankaitanidwa ndi kapitawo kuti "mayi iwe". Anagwira ntchito imeneyo zaka makumi awiri, anaphunzitsa Feride mpaka anakhala namwino, msana unapindika, maso anachita mtambo. Gazozi sanamulawenso, wa mtundu uliwonse. Paukwati akawapatsa ankangoti, "Amandipweteka dzino."

Ndipo ine sanandimanepo mbale. Chimenechi n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Mkazi wanga atandithawa, amene ankachapa malaya anga ndi iwo. Idi iliyonse ndinkapsompsona dzanja lawo lokhakhala lija, iwo n'kundiikira nyama yofewa, ine n'kumasangalatsa alendo ndi mabodza. Nkhani ya mphesa ndinkaifotokoza ndekha anthu akafunsa, chaka chilichonse mwa mtundu wina. Chaka china ndinati kunachita kachivomezi pansi pa chitsime. Chaka china ndinati mkulu wa ku Izmir anali ndi diso loipa loti likayang'ana ng'ombe mkaka umasasa. Achemwali akakhala pafupi ndinkasintha nkhani.

Idi yapitayi tinali atatu okha pakhonde pawo, masana: iwo pa mpando wawo atafunda shawelo ngakhale kunkatentha, Feride, ndi ine. Feride tsopano ndi mayi wa imvi zake, koma kwa ine akadali kamwana kamene ndinkakanamiza kuti mwezi ndi tchizi cha abusa. Anatulutsa chinthu m'chikwama atachikulunga m'nyuzipepala.

"Amalume, taonani chimene ndapeza kwa ogulitsa zakale ku Manisa. Anthu akumaika zimenezi m'makabati ngati zokongoletsa."

Linali botolo lathu, lobiriwira, lokandikakandika. Ramiz ndi Ana Ake Aamuna. Achemwali analitenga, anayendetsa chala pa zilembozo, n'kuliika pansi.

"Ili ndinalitsukapo," anatero. "Lili ndi kachilema pakhosi."

Feride anali atagulanso chakumwa choyera chathovu cha m'shopu. Anathira m'matambula awiri, n'kuponyamo mphesa youma m'tambula yanga mongoseka. Inatsika, inavala thovu, inakwera. Inagwa, inakweranso. Tonse tinkaiyang'ana.

"Amalume, ndakula tsopano. Za chivomezi ndinamva, za diso loipa ndinamva. Amayi sanandiuzepo kanthu. Ndiuzeni zoona kamodzi kokha: mphesa ija inakaniranji?"

Ndinayang'ana achemwali. Mutu unali utagwera pachifuwa, maso otseka, ndinati agona. Zaka makumi anayi ndinali nditanyamula mawu amenewo pansi pa lilime, ndipo mwana wa mlongo wanga anali atanditsegulira chitseko. Ndinakoka mpweya. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatsitsa mawu ngati munthu woulula chinsinsi chachikulu.

"Feride mwana wanga, akufa sitiwanena, koma wafunsa wekha. Anali amalume ako a Hilmi. Mulungu awakhululukire. Lachisanu lija m'mawa anandibwereka kapepala kaja ati aone mphesayo, anatembenuka, n'kundibwezera ina. Ndinazindikira mochedwa. Anali ataikamo chinthu cholemera. Ine ndinalira sabata yathunthu, ndinafuna kuwamenya, anthu asanu ndi mmodzi anachita kundigwira..."

"Chinthu chanji?"

Sanali Feride. Achemwali anali atadzutsa mutu, maso amtambo aja ali pa ine.

"Achemwali, ndimati mwagona."

"Ndafunsa kuti chinthu chanji, Rasim. Wati cholemera."

"Kaya, kamwala mwina. Ndingadziwe bwanji ine?"

Anapisa dzanja m'khosi n'kukoka chingwe. Chinali chomwe chija, chakuda ndi thukuta la zaka. Pamene pankakhala kiyi panali kansanza komanga mfundo, kamene tonse tinkati ndi chithumwa cha msana. Zala zawo zopindika zinalimbana ndi mfundoyo nthawi yaitali, ndipo palibe amene anayerekeza kuwathandiza. Pomaliza anakhuthulira pa sosala. Kanagubuduka, kanalira pang'ono, kanaima. Kanjere ka mtovu, kophwanyika mbali imodzi pamene dzino linaluma.

"Hilmi ankaopa mfuti," anatero. "Bambo akamaipukuta ankatuluka m'nyumba. Hilmi sankatha kulowetsa ulusi pa singano, mabatani ndinkamusokera ndine mpaka anakwatira. Anali wopusa, anali wonyada, koma sanali wakuba. Musiye agone."

"Amayi," anatero Feride, "munkadziwa? Bwanji simunalavule pomwepo, anthu onse aone?"

"Ndilavule, tauni yonse idziwe kuti mwana wa Ramiz wapereka mlongo wake chifukwa cha nthabwala? Agogo ako aakazi anali akadali moyo, maliro a bambo asanazizire. Ndinakabisa m'tsaya, ndinameza mphesa ndi magazi. Ndinati mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ndine, anena yekha. Ndinamutsukira botolo lakhumi ndi chitatu kuti apeze nthawi. Ndinati anena madzulo. Ndinati anena akadzandiona ndi tsaya lotupa. Atabwera kudzandipempha kuti ndibwerere ndinaimika mpeni, ndinati lero ndi lero. Anandiuza za galu wowerenga."

"Achemwali, ine ndinkati..."

"Tseka pakamwa kamodzi, Rasim. Kiyi ndinamuiwala kalekale, chitseko chake chinagwa. Chimene ndinkadikira ndi mawu atatu kuchokera kwa munthu amene amayankhula mawu zikwi pa tsiku. Lero mwana wakufunsa bwinobwino, iwe wakafukula m'bale wako kumanda kuti akusenzere."

Anafufuza pa sosala ndi nsonga za zala mpaka anakapeza kanjere kaja. Anakweza dzanja pamwamba pa tambula yachiwiri, imene munalibe mphesa, n'kukasiya. Kanagunda pansi pa galasi, thi. Timathovu tinathamangira, tinakakuta konse mpaka kanayera. Sikanasunthe. M'tambula yanga mphesa ija inali ikupitabe n'kubwera.

Achemwali anakankhira tambulayo kwa ine, n'kutsamira pa mpando.

"Paja umawauza ana kuti ndiwe unaphunzitsa mphesa kuvina," anatero. "Kaimbire mluzu, tione."